Kalasi ya Loweruka: a zamalamulo athu kuno ku Joni tiwaphunzitse bwanji kulemba?

Tamanda:
Akuluakulu, moni nonse. Lero sindikubweretsa uthenga wa maliro kapena wa katundu wopita kumudzi ayi. A komiti andipempha kuti ndiyambitse kalasi ya Loweruka m'mawa yophunzitsana kalembedwe ka zamalamulo. Ndi ya ana athu amene ali ku mayunivesite a Wits, UJ ndi Unisa, amene ali pa ma articles (kuphunzira ntchito pansi pa loya atamaliza digiri), komanso maloya amene angafune. Malo apezeka kale, kachipinda ka tchalitchi china ku Braamfontein. Chatsala n'choti tikaphunzitse chiyani, ndipo apa ndi pamene ndikufuna nzeru zanu.

Ndinene zimene ndimaona ndikamachonga mapepala a chaka choyamba ndi chachiwiri. Mwana lamulo amalidziwa ndithu, milandu anailoweza mpaka zaka zake. Koma mupatseni funso loti mayi wina wachotsedwa ntchito pa WhatsApp, mulangize. Akulemberani masamba anayi a mbiri ya Labour Relations Act, lamulo la za ntchito, mayi uja adzatulukira mu ndime yomaliza, ndi chiganizo chimodzi chokha: choncho akhoza kupambana. Onse anaphunzira FIRAC, yoti uyambe ndi zimene zinachitika, ubwere pa funso, utchule lamulo, uligwiritse ntchito pa nkhani ya munthuyo, umalize ndi yankho. Gawo lachinayilo, logwiritsa ntchito lamulo pa nkhani ya munthuyo, ndi limene limakhala lopanda kanthu. Ndiye ndiyambire pati? Pa galamala? Pa ma footnote? Kapena pena?

A Mwale:
Mwana wanga Tamanda, ntchito wayambayi ndi yabwino, koma ndikuuze zoona. Ife ku Chanco palibe anatiphunzitsa kulemba. Tinakaphunzirira mu ofesi ku Blantyre, bwana akukubwezera kalata yomweyo itafiira ndi inki mpaka kuchita manyazi kudutsa nayo pamaso pa sekilitale. Mphunzitsi wachiwiri anali fayilo ya ma precedent, zikalata zakale zotengerapo chitsanzo. Munthu wanzeru sayamba pangano la lendi pa pepala loyera. Mawu ali m'menemo anadutsa kale m'makhothi, anthu anakanganapo, majaji anagamula tanthauzo lake. Sonkhanitsa abwino, uwapatse anawo akopere ndi manja. Kalembedwe kadzalowa kokha.

Yamikani:
Bambo Mwale, bwana wa inki yofiirayo ife sitinamupeze. M'kalasi timakhala anthu mazana. Pepala likabwera pamakhala 54 ndi liwu limodzi m'mbali, "vague", basi. Ukapita kukafunsa upeza mzere mpaka pa masitepe. Ine malikisi ambiri ndimataya pa ma footnote, chifukwa mphunzitsi wina amafuna kalembedwe ka South African Law Journal, wina kake kena, kadontho kakangokhala pena ndiye walakwa. Achemwali a Tamanda, ndingakonde mutayamba ndi zimenezo. Komanso Chingerezi. Anzathu ena anayamwira chomwecho, ife tinayamba kuphunzira nacho tili Sitandade 5.

Tamanda:
Yamikani, ma footnote ndi nkhani ya ola limodzi, ndidzakupatsani tsamba loti muziyang'anapo. Za Chingerezi ndikukumva, koma usadzichepetse. Amene anabadwa nacho amalembanso zopanda kanthu zomwezo, kungoti zawo zimaterera, ndiye wochonga wotopa sazindikira msanga. Ndipo vutoli si la Amalawi okha. Chiyambireni digiri ya zamalamulo ya LLB ya zaka zinayi mu 1998, maloya akuluakulu kuno akhala akudandaula kuti omaliza sukulu satha kulemba, ndipo lipoti la Council on Higher Education la 2018 linanenanso zomwezo.

Nabanda:
Ndilowepo ine wa ku advice office. Si ine loya, koma mapepala a anthu athu amadutsa m'manja mwanga tsiku ndi tsiku. Tamanda, usayambe ndi galamala. Yamba ndi madeti.

Tengani nkhani ya CCMA, bungwe lomva mikangano ya antchito ndi mabwana awo. Munthu akachotsedwa ntchito, gawo 191 la Labour Relations Act limamupatsa masiku 30 okha kuti akapereke fomu 7.11. Anthu athu ambiri amachedwa. Wina amaopa chifukwa mapepala ake anatha, osadziwa kuti Labour Court inagamula kale mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo wopanda pemiti yogwirira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa lamuloli. Wina bwana anamunyengerera kuti dikira ndikuitana. Wina anapita kumudzi kumaliro. Akachedwa chonchi ayenera kulemba pempho la condonation, loti amumvere ngakhale nthawi yadutsa. Zimene komishinala amayang'ana n'zodziwika kuchokera pa mlandu wa Melane wa 1962: wachedwa motalika bwanji, chifukwa chiyani, ali ndi mwayi wopambana kapena ayi, nkhaniyo ndi yaikulu motani. Amaonanso ngati mbali inayo ivutike ndi kuchedwako.

Ophunzira amene amabwera kudzathandiza ku ofesi kwathu zonsezi amazitchula pamtima. Koma taonani zimene amalemba: wodandaula anachedwa chifukwa cha zovuta za m'banja zimene sakanatha kuzipewa. Kuthera pomwepo. Komishinala atani nacho chiganizo chimenecho? Chimene akufuna ndi ichi: anachotsedwa pa 3 March. Pa 5 analandira foni kuti mayi ake amwalira ku Mangochi. Anakwera basi pa 6. Anabwerako pa 2 April, chidindo cha pa Mwanza ndi cha pa Beitbridge zili mu pasipoti, kopi yake nayi. Pa 4 April anapita kwa bwana, bwana anati abwerenso kutha kwa mwezi, uthenga wake nawu. Nthawi yonse yochedwayo ifotokozedwe, pasakhale milungu itatu pakati imene palibe akuitchula. Chingerezi chikhoza kukhala cha Fomu 2, koma pempho lotere limayenda.

Kuti ulembe chonchi uyenera kukhala pansi ndi munthuyo, kumufunsa mafunso otopetsa, kumuuza atsegule foni ayang'ane tsiku. Anawa amathamangira pa kompyuta asanamalize kumva nkhani.

Mayi a Dalitso:
Pepani ine si wasukulu, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, koma nkhaniyi yandikhudza. Bambo a kunyumba atavulala ku ntchito tinapita kwa loya wina m'tauni. Anatilembera kalata ya masamba atatu. Ndinawerenga ine, anawerenga Dalitso amene ali Grade 11, anawerenga abusa, tonse osadziwa ngati akuti tipitirize kapena tisiye. Titaimba foni anatiuza mosachedwa n'komwe: bweretsani lipoti la dokotala lisanafike tsiku lakutilakuti, mukapanda kutero zivuta. Nanga bwanji sanalembe zomwezo pamwamba pa kalatayo? Aphunzitseni zimenezo mayi, kuti choti ine ndichite chizikhala poyamba.

Nabanda:
Amayi, inu ndi amene muyenera kukachonga mapepala kumeneko 😂

Che Jafali:
Mayi a Dalitso mwalasa. Ine ndimamasulira Chichewa ndi Chiyao m'makhothi a majisitireti akandiitana. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limati woimbidwa mlandu azengedwe m'chiyankhulo chimene amamva, zikakanika amumasulire. Koma mu 2017 akuluakulu a makhothi anagwirizana kuti zolembedwa za m'khothi zizikhala m'Chingerezi, ndiye zonse zimadutsa pakamwa pathu. Ndaona kuti loya wolemba mosokonekera amafunsanso mosokonekera. Funso limodzi muli mafunso atatu, mboni n'kuyankha kuti eya. Eya ameneyu ndi wa funso liti? Ndimaimika n'kupempha majisitireti kuti loya adule funsolo. Ena amakwiya, ine sindisamala, chifukwa amene akagone m'ndende si iwo.

Choopsa kwambiri ndi ma statement. Munthu wanena kuti ndinamva phokoso, nditatuluka ndinapeza chitseko chothyoka. Wolemba walemba kuti anaona akuthyola chitseko. Munthu wasaina osamuwerengera. Tsiku la mlandu akuoneka wabodza pa chinthu chimene sananene.

Pa kalasi yanuyo muikepo ntchito iyi. Mmodzi afotokoze nkhani m'Chichewa, wophunzira ailembe m'Chingerezi, kenako wachitatu amene anali panja aiwerenge n'kuibwezera kwa mwini wake m'Chichewa. Mwini wake anene zimene zatayika panjira ndi zimene zawonjezekera.

A Mwale:
Zonsezi ndamva, ndipo za kalata ya Mayi a Dalitso sindikutsutsa. Kalata yopita kwa kasitomala imveke. Koma musasakanize zinthu. Pangano la mamiliyoni pakati pa makampani silolembera azakhali. Ndinaonapo mnyamata akufewetsa ndime ya indemnity, yonena amene adzalipire zinthu zikavuta, kuti imveke bwino, m'kufewetsamo n'kuchotsa mawu awiri amene ankateteza kampani. Zina zimabwerezedwa dala. Komanso musaiwale kuti lamulo la kuno ndi la Roman-Dutch, si la Chingerezi lokha ngati kwathu. Mwana amene mwamuuza kuti azithawa mawu akale adzatani akadzafuna mandament van spolie, pempho loti munthu abwezeredwe chimene walandidwa mosatsata lamulo? Azidzafotokoza mozungulira pamaso pa jaji?

Chisomo:
Bambo Mwale, ndi ulemu wonse. Ma precedent ndimawagwiritsa ntchito tsiku lililonse pa ma articles anga, sindingawanyoze. Koma ali ngati suti yobwereka pa ukwati, patali imaoneka bwino, ukakweza mkono m'pamene anthu amadziwa kuti si yako. Posachedwapa tinalandira mapepala a mbali ina, mkati mwake muli dzina la munthu wa mlandu wina umene sukutikhudza n'komwe.

Mwatchula spolie, tiyeni titenge yomweyo, poti anthu athu ku Rosettenville ndi ku Turffontein amakumana nazo. Landilodi wakhoma chitseko chifukwa cha lendi, katundu ali mkati. Khothi likufuna zinthu ziwiri zokha: kuti munthuyo ankakhala m'chipindamo mwamtendere, ndi kuti wachotsedwamo mosatsata lamulo, popanda chilolezo chake kapena cha khothi. Za ngongole ya lendi, za mwini nyumba ndani, pa pempho limeneli sizilowa. Amene sanamvetse zimenezi alemba ndime zambirimbiri zofotokoza chifukwa chake lendi inachedwa, ziwiri zofunika zija n'kungozikhudza podutsa. Dzina la spolie walitchula bwinobwino, koma pempho ndi lofooka. Precedent siingamuuze zoti asiye, chifukwa zoti asiye zili m'nkhani imene kasitomala wamuuza m'mawa womwewo.

China chimene kusukulu tinangochiloweza ndi chakuti mlandu wako wonse uyenera kukhala mu afidaviti yoyamba. Sungasungire mfundo ku reply, afidaviti imene umalemba mbali inayo itayankha. Ndiye pali Plascon-Evans wa 1984 uja: mbali ziwiri zikasiyana pa zimene zinachitika, ndipo ukupempha chigamulo chomaliza pa mapepala okha, khothi limatenga zonena za woyankha pamodzi ndi zako zimene iye wavomereza, pokhapokha zakezo zikhale zoti munthu sangazikhulupirire. Pa mayeso tinkalemba zimenezi n'kupeza malikisi. Ku ntchito ndi kumene ndinaona kuti limeneli ndi lamulo la kalembedwe. Usanalembe ndime yoyamba uyenera kudzifunsa kuti ndi ziti zimene mbali inayo singakane. Risiti, chithunzi cha loko, uthenga wa landilodi woopseza. Abwana anga pa ndime iliyonse amafunsa chinthu chimodzi: umboni wake uli tsamba liti? Masiku ano ndi Court Online, njira yoperekera mapepala ku khothi pa intaneti, jaji akuwerenga pa sikirini, ukapanda kumupatsa nambala ya tsamba sakakufufuzira.

Tamanda:
Chisomo, spolie ndaitenga, ikhala ntchito yathu yoyamba.

Bambo Mwale, mawu a ntchito ngati amenewo sitikuwachotsa ayi. Koma kulemba zomveka kuno si nkhani ya kukoma mtima kokha, ndi lamulo. Gawo 22 la Consumer Protection Act ya 2008 limafuna kuti chikalata chopita kwa wogula chikhale choti munthu wamba, wodziwa kuwerenga mwapakatikati ndipo wosazolowera malonda amenewo, achimve popanda kuvutika kwambiri. Gawo 64 la National Credit Act likunenanso chimodzimodzi pa za ngongole. Malamulo aakulu a 1996 eniakewo analembedwa dala kuti munthu wamba athe kuwawerenga. Ndipo chigamulo cha Endumeni cha 2012 chinati pomasulira chikalata khothi liziyang'ana mawu, nkhani yozungulira mawuwo ndi cholinga chake, zonse pamodzi. Ndiye kudalira kuti ndime iyi inapambana pa mlandu wa 1975 sikukwanira ngati yaikidwa m'pangano limene cholinga chake n'china.

A Mwale:
Endumeni ndikuvomera. Koma Consumer Protection Act siteteza kampani imene katundu wake kapena malonda ake a pachaka afika R2 miliyoni. Mapangano amene ine ndimalemba ku Sandton gawo 22 siliwakhudza.

Tamanda:
Apo mwandipeza, bambo. Koma ana amene abwere Loweruka ambiri ayambira pa lendi ya chipinda ndi ngongole ya firiji, Sandton adzafikako mochedwa.

Limbani:
Ndikutsatira ndili ku Lilongwe, Chisomo ndi amene anandilowetsa pa gulu. Kuno malamulo a High Court a 2017 anasintha zambiri, afidaviti tsopano timati sworn statement, koma kalembedwe ka anthu sikanasinthe ndi dzina. Ma skeleton arguments, mfundo zimene loya amalembera jaji, ena theka lake ndi ndime zokopera m'zigamulo, loya osanena n'komwe kuti ndimezo zikuthandiza bwanji kasitomala wake. Ndi matenda omwewo a gawo lachinayi amene Tamanda wanena.

Koma ndikuchenjezeni, musawaphunzitse kuti chachifupi ndiye chabwino. Chigamulo cha mlandu wa chisankho cha pa 3 February 2020, cha majaji asanu aja, chinali cha masamba oposa 400, ndipo kuwerenga kunatenga tsiku lonse mpaka usiku. Komabe anthu pa ma depoti ndi m'magolosale anakhala pa wailesi osachoka, ndipo mawa lake ankatha kukuuza zimene khothi lanena pa Tippex, pa mapepala a duplicate, ndi pa nkhani ya 50+1. Chifukwa chake n'choti chinkayenda funso ndi funso: mbali iyi ikuti chiyani, inayo ikuti chiyani, umboni ukuti chiyani, ife tikuti chiyani. Wowerenga sasochera ngakhale ulendo utalike.

Ndiye apatseni zigamulo aziwerenga ngati olemba, osati ngati osaka mayankho a mayeso. Muli ndi mlandu wa Makwanyane wa 1995 pafupi pomwepo, khothi lake lili pa Constitution Hill, mtunda woyenda pansi kuchokera pa kachipinda kanuko. Aone mmene Jaji Chaskalson anasanjira nkhani ya chilango cha imfa, pamene anaika mfundo za mbali imene sanagwirizane nayo, ndi mmene anaziyankhira asanafike pa zake.

Chisomo:
Zoona achimwene, ngakhale jaji ali ndi ufulu wotalikitsa umene loya alibe. Ku Bloemfontein, ku Supreme Court of Appeal, heads of argument, mfundo zolembedwa za loya, sizipitirira masamba 40 popanda chilolezo.

Kondwani:
Ine ndifunse zina, mundikhululukire. Tikuvutikiranji ndi zonsezi pamene ambirife sitidzaloledwa n'komwe kukhala maloya kuno? Constitutional Court inagamula mu 2022 pa mlandu wa Rafoneke kuti gawo 24 la Legal Practice Act lili bwino, lololeza nzika ndi okhala ndi permanent residence okha. Ine ndili pa study visa. Ndikamaliza ndilemba heads of argument za ndani?

A Mwale:
Kondwani, chigamulocho chinatipweteka tonse, koma chikukhudza kulembedwa m'kaundula wa maloya, sichikuletsa kudziwa ntchito. M'makampani, m'mabungwe, m'mayunivesite muli anthu a LLB amene sanavalepo mkanjo, ndipo ntchito yawo yonse ndi kulemba. Za pemiti yogwirira ntchito ndi nkhani ina, imeneyo ufufuze payokha. Ukasankha kubwerera kumudzi ukadutsa ku MILE, sukulu yophunzitsa ntchito ya uloya ku Malawi, ndipo kumeneko wolemba bwino amaonekera msanga.

Admin:
Abale, za ma visa zili ndi tsiku lake Lachinayi. Tibwerere pa kalasi.

Yamikani:
Chabwino, ndifunse chimene aliyense akuopa kufunsa. ChatGPT muilola kapena ayi? Chifukwa kunena zoona m'kalasi mwathu palibe amene saigwiritsa ntchito, ndipo kwa ife a Chingerezi chovutikira imathandiza kuwongola ziganizo.

Chisomo:
Yami, kuwongola chiganizo ndi kwina, kufunsa milandu ndi kwina. Mu 2023 khothi la majisitireti kuno ku Johannesburg, pa mlandu wa Parker ndi Forsyth, linapeza kuti milandu imene mbali ina inadalira inachokera ku ChatGPT ndipo kunalibe. Mu January 2025 High Court ku Pietermaritzburg, pa mlandu wa Mavundla, inapezanso kuti yambiri mwa milandu yotchulidwa m'mapepala inali yopeka. Amene anafufuza anali wa pa ma articles ngati ine, akuluakulu ake osatsimikiza, ndipo jaji anatumiza nkhaniyo ku Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya. Tangoganiza, ntchito usanaiyambe dzina lako lili kale kumeneko. Choipa chake milandu yopekayo imaoneka yeniyeni, dzina, chaka, tsamba, zonse zili m'malo mwake.

Tamanda:
Kuiletsa sindingathe, ndipo sindikhala wapolisi Loweruka. Lamulo la kalasi likhala ili: mlandu uliwonse umene wautchula uutsegule wekha pa SAFLII kapena MalawiLII, masamba a pa intaneti osungira zigamulo, ulembe nambala ya ndime imene ikunena zimene ukuti ikunena. Ndidzasankha umodzi mwachisawawa, n'kukupempha kuti utiwerengere ndimeyo. Nkhawa yanga yaikulu si milandu yopeka yokha. Makinawa amalemba bwino kwambiri ndime za mbiri ya lamulo zija, zimene anawa akuzichulutsa kale. Tsiku limene mayi anakwera basi pa Park Station sangalidziwe pokhapokha wina atamufunsa mayiyo.

Nabanda:
Komanso asamaike mayina ndi ma ID a makasitomala m'zinthu zimenezo. Ndinaona wina akujambula afidaviti yonse ya munthu wa asylum kuti makina amukonzere.

A Mwale:
Tsopano za maloya amene ali kale pa ntchito, poti wati nawonso abwere. Ndikuuziretu, mwana wanga, sabwera. Munthu wa zaka 15 ku ntchito sangalole kuti wophunzira wa LLM amuchonge pamaso pa ana a chaka chachiwiri. Akabwera adzabwera kudzalankhula, adzakudyerani ola lonse ndi nkhani za milandu imene anapambana. Ndikuwadziwa, ndine mmodzi wa iwo.

Limbani:
Kuno zimatero ndithu. Pa maphunziro a maloya anthu amasaina m'mawa, kumvera masilaidi, kudya nkhomaliro, kubwerera ku ofesi n'kukatsegula templeti yomwe ija. Palibe amene walemba chiganizo ngakhale chimodzi tsiku lonse. Loya wachikulire vuto lake si kusadziwa, koma kuti papita zaka palibe womuuza kuti apa sindinamve. Kalaliki wake sangayerekeze, kasitomala amaganiza kuti kusamvako ndi umbuli wake, jaji amangogamula osakuuza kuti ndime yako ya 20 inamutopetsa.

Tamanda:
Ndiye tichite chonchi. Sipakhala masilaidi, sipakhala wolankhula kutsogolo kupitirira mphindi khumi. Anabanda atilembera nkhani yopeka ya munthu wokhomeredwa chitseko, yodzaza ndi zosafunika ngati mmene kasitomala weniweni amafotokozera, za mlamu wake, za giza yowonongeka, zonse. Mapepala a makasitomala enieni asabwere, ngakhale mutafufuta mayina. Aliyense alembe zinthu ziwiri kunyumba: ndime za afidaviti yoyamba, ndi kalata ya tsamba limodzi yopita kwa munthuyo yomuuza chimene chichitike ndi choti achite. Pa pepala pasakhale dzina, nambala yokha, kuti wa zaka 15 ndi wa chaka chachiwiri asadziwike. Afidaviti achonga Chisomo ndi Bambo Mwale. Kalata awerenga Mayi a Dalitso ndi Che Jafali, ndipo pamene aima n'kufunsa kuti apa akutanthauza chiyani, tiika chizindikiro. Kenako aliyense akalembenso. Cholembedwa kachiwiricho ndi chimene tidzakambirane sabata yotsatira, chifukwa kusukulu timangolandira malikisi n'kuponya pepala m'chikwama, kulembanso kulibe.

Ntchito ya Che Jafali ya anthu atatu ija ikhala sabata yachitatu. Makwanyane pambuyo pake. Yamikani, tsamba lako la ma footnote ulipeza pa tebulo.

Mayi a Dalitso:
Ine Loweruka ndimaweruka 12. Mukayamba 1 koloko ndifika, thekisi za ku Randburg zimatsitsa pa Bree.

Tamanda:
Tisintha, ikhale 1 koloko. Ndiwauza a tchalitchi.

Che Jafali:
Ndibwera. Koma amene kalata yake ndidzaime katatu asadzandikwiyire ngati maloya a ku khothi aja.

A Mwale:
Cholembera chofiira ndili nacho, ndibweretsa. Fayilo yanga ya ma precedent ndibweretsanso, kaya mufune kaya musafune. Pofika sabata yachisanu mudzaipempha nokha.

Tamanda:
Bweretsani bambo, tidzaigwiritsa ntchito akatha kulemba okha, kuti aone zimene anaiwala. Koma pali chimodzi simunachimve bwino. Ndati aliyense alembe. Inunso muli ndi nambala, ndi 7.

Yamikani:
Achemwali mwaulula nambala 😂

Tamanda:
Ndisintha.

A Mwale:
Anabanda, nditumizireni nkhaniyo ikatha. Koma tsamba limodzi silikwana, pali za ndalama za khothi, pali za ngongole ya lendi imene landilodi akhoza kudzaisumira payokha, munthu ayenera kuchenjezedwa zonsezo.

Nabanda:
Muchenjezeni m'tsamba lomwelo, bambo. Nditumiza Lachitatu madzulo.